Mkamwini wa pa Lata

Ine ndine wokhoma zidebe. Ndowa, mbaula, makeni othirira fodya. Ntchito ndimagwirira pa Nsaru, kuseri kwa msika. Zojambula si zanga. Ndinajambulapo kamodzi kokha, ndipo nkhani yake ndi ino.

Ndinakwatira chikamwini. Ana ndinabereka ndine, koma mwini mbumba ndi mlongo wa mkazi wanga. Mwana akafuna kukwatiwa, wovomera ndi iyeyo. Ine changa n'kugula sopo.

Alamu angawo saona. Chikuku chinawatseka maso ali ndi zaka zinayi. Amaluka madengu ndi malichero, olimba kwambiri. Anthu amati wosaona amakhala wofatsa. Awa sanauzidwe.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ankagulitsa m'golosale ku Kasungu. Chaka china, zipani zitachuluka kale koma mafoni asanafike kumudzi, anatumiza kalata. Wapeza mwamuna. Amagwira pachigayo. Makolo ake ndi a ku Mulanje, anabwera kudzachita utenanti pa esiteti. Ali wokonzeka kubwera ndi ankhoswe ake, koma atsibweni ayambe anena kuti abwere. M'kalatamo munali chithunzi.

Chithunzicho chinazungulira pakhonde. Mnyamata atavala tayi, atagwira njinga, nkhope itapotolokera kumbali pang'ono. Kumbuyo kwake chigayo ndi mtengo wa bulugamu. Mkazi wanga anachiyang'ana mpaka nyemba zinapserera.

"Patseni kuno," anatero alamu.

Tinawapatsa. Anachisisita. Anachitembenuza. Anachinunkhiza.

"Munthuyo ali mbali iti?"

"Yosalalayo, achimwene," anatero mkazi wanga.

"Zonse n'zosalala."

"Yonyezimirayo."

"Zonyezimira ndinasiyana nazo kalekale, iwe."

Tinayesa kuwafotokozera. Ndi wamtali. Ndi woyererako. Akuseka. Tayi wake ndi wamizeremizere.

"Zimenezo mwaona ndinu," anatero. "Ine mwana wa mlongo wanga sindingampereke kwa pepala. Ndimuone kaye."

Mwanayo ndi wanga. Sindinanene. Mkamwini asamakule mwendo.

Tinalemba kalata kuti mnyamatayo abwere, atsibweni amuone. Yankho linabwera: sabwera mpaka atsibweni atavomera. Alamu anati savomera mpaka atamuona. Panapita milungu itatu. Mkazi wanga anasiya kundiyankha bwino. Mlandu sunali wanga, koma ndinali pafupi ndine.

Kenako kalata ina. Mwana anati atsibweni akapitiriza, iwo angolowana konko. Ukwati wopanda ankhoswe. Akadwala, wotiuza palibe. Akamenyedwa, kokadandaula kulibe. Mwana ameneyo ndinkamubereka panjinga popita naye kusikelo ku Nambuma. Sindinafune kumutaya chifukwa cha pepala losalala.

Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Chimene ndinatolako n'chimodzi, kukulitsa mapu ndi mabokosi. Umalemba timabokosi pamapu aang'ono, mabokosi aakulu papepala lina, n'kumasamutsa bokosi ndi bokosi. Pachithunzi pensulo sinkalemba. Ndinakulunga ulusi, mopingasa ndi motsika. Ndinadula lata lalikulu ngati lichero. Ndinaligoneka pathumba la mchenga. Ndinatenga msomali wobuntha ndi nyundo, n'kumakhoma kumbuyo kuti mizere itukuke kutsogolo.

Inali nyengo ya nazale za fodya. Anthu ankafuna makeni. Mlimi wina anabwera kudzatenga lake, n'kundipeza ndikukhoma mphuno.

"Keni langa lili kuti, amisiri?"

"Mawa."

"Nanga icho n'chiyani?"

"Mkamwini."

Anapita osafunsanso.

Masiku atatu. Bokosi lililonse ndinayeza ndi rula. Chili pachithunzi, chili palata. Chinthu chimodzi ndinaiwala: ukakhoma kumbuyo, zinthu zimatembenuka. Pachithunzi njinga inkaloza kumanja, palata kumanzere. Ndinati njinga imapita n'kubwera.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi ndinalitulutsa. Akatekisiti, amene timayandikana nawo nyumba, anabwera kudzaonera. Anati lafanana zedi. Mkazi wanga anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndili mnyamata. Ndinaliika pamiyendo pa alamu.

Iwo sakhudza ngati ife. Dzanja lamanzere analiika pakona, osalisuntha. Lamanja linayamba kuyenda, chala chimodzi patsogolo, pang'onopang'ono ngati nanzikambe. Likasochera linkabwerera kwa linzake, n'kuyambanso.

"Njinga," anatero.

Ndinayang'ana mkazi wanga.

"Masipoko mwaba, alamu. Asanu ndi atatu okha? Imeneyi siifika pa Kabudula."

"Pitirirani."

Chala chinakwera. Handulo. Mkono. Phewa.

"Ichi?"

"Mutu."

"Wophwatalala chonchi? Anagundidwa ndi chiyani?"

"Ndi chithunzi, alamu."

"Khutu ili. Linzake lili kuti?"

"Lili kuseri."

Anatembenuza lata. Anasisita kuseriko, pamwamba mpaka pansi.

"Kulibe."

"Kuseri kwa mutu, osati kwa lata."

"Mutuwo uli palata. Kuseri kwake ndi kuno. Kulibe khutu."

Akatekisiti anatsokomola. Alamu anabwezanso lata, chala chinakwera pamwamba pa mutu, n'kuima.

"Ali ndi nyanga."

"Ndi nthambi za bulugamu."

"Zamera pamutu?"

"Mtengowo uli kumbuyo kwake."

Anayamba kutembenuzanso lata. Ndinaligwira.

"Kumbuyo kumeneku kwachuluka zinthu," anatero. "Ine ndikapitako sindipezako kanthu."

Chala chinatsikira kumbali, chinazungulira kabokosi.

"Khola la nkhunda?"

"Chigayo, achimwene. Kuntchito kwake."

Anachiyeza ndi zala ziwiri. Zala zomwezo anaziika pa munthu.

"Chikumulekeza m'chiuno. Amalowamo chokwawa?"

"Chili patali," ndinatero.

"Chigayo chikakhala patali chimachepa?"

"Eya."

"Ukayandikira chimakula?"

"Eya."

"Nanga chimanga chili m'katimo?"

Akatekisiti anayesako kuyankha. Anati ndi mmene maso amaonera. Ukaima pamsewu n'kuyang'ana kutali, msewuwo umapita nuchepa, mpaka mbali ziwirizo zimakumana.

"Akatekisiti, msewu wa ku Mpingu ndayendamo zaka makumi anayi. Sunakumanepo. Ukanakumana bwenzi minibasi zikudutsa pati?"

Anaomba lata ndi chikhatho.

"Khutu limodzi. Nyanga. Mutu ngati chitumbuwa. Ntchito m'khola la nkhunda. Ndakana."

Masiku atatu. Makeni asanu ndi limodzi osakhoma. Ndinapsa mtima.

"Vuto si lata, alamu. Ndi manja anu."

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Mkamwini salankhula choncho. Alamu anangoseka.

"Manja anga, eti? Iwe, bweretsa mpango. Timange maso."

Anayamba akatekisiti. Alamu anawagwira chala n'kuchiika pa tayi.

"Nsomba," anatero akatekisiti. "Kapena kandulo."

Kenako mkazi wanga, alamu anamuika chala pa chishalo cha njinga. Anati ndi mphuno. Anawonjezera kuti ndi mphuno yabwino.

Panadutsa mayi wina wogulitsa tomato. Lata anali asanalione. Tinamupempha, anavomera. Anasesa ndi manja onse awiri, msangamsanga ngati akufuna ndalama yogwera m'ufa.

"Ndi mbaula yophwanyika," anatero.

Tinamumasula.

"Aa, ndi bambo ndi njinga. Wooneka bwino. Ngokwatira?"

Kenako ine. Ndinati ine ndiye sindingasochere, ndakhoma ndekha. Anandimanga. Alamu anandiika lata pamiyendo. Analigoneka cham'mbali, ine osadziwa. Ndinaikapo manja. Mizere yokhayokha. Uwu ukupita uku, uwu ukudutsa, uwu wathera panjira. Ndi maso, munthu yense amabwera nthawi imodzi. Ndi chala, umapeza kachidutswa, ukafika pena koyamba kaja waiwala. Ndinatuluka thukuta. Ndinapeza chozungulira.

"Mutu."

"Tayala lakumbuyo limenelo, alamu."

Wa tomato anaseka mpaka anakhala pansi. Tayala limenelo ndinalikhoma theka la tsiku.

"Tsopano ndikujambulireni ine," anatero alamu. "Ndowa. Imeneyo ndimaidziwa."

Pafupi ndi khonde panali ponyowa, potayira madzi. Anagwada, anasalaza ndi chikhatho, anatenga kansungwi. Analemba chozungulira. Pambali pake chinthu chachikulu chopindika, chotambalala kumwamba, chopanikiza pansi. Kenako mzere ngati uta. Kenako tiwiri tating'ono.

"Ndowa yopondedwa ndi thirakitala," anatero wa tomato.

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Zimene analemba alamu ndi zimene ndimalemba palata ndisanadule. Ndowa isanapindidwe imakhala choncho. Sanalowepo m'shedi mwanga. Palibe anawauza.

"Pansi pake apa," anatero, akuloza ndi kansungwi. "Thupi ili, lonse, kuzungulira. Chogwirira ichi. Makutu awiri okolekamo chogwirira. Onse awiri, alamu. Palibe lakuseri. Chinthu ukachijambula, uchijambule chonse. Inu mumajambula theka, n'kumati theka linalo tikhulupirire."

Ndinafuna kutenga lata langa. Analikaniza.

"Lisiyeni. Sindinathe kumuona."

Anakhala nalo masiku anayi. Ndikamadutsa m'mawa ndinkawapeza padzuwa, nsungwi zili pambali, lata lili pamiyendo. Madengu anaima. Mkazi wanga ankati mwina asintha maganizo. Ine ndinkakhoma makeni, osayankhula ndi munthu.

Lachinayi m'mawa anatiitana tonse awiri.

"Alamu, bweretsani chala."

Anachigwira, anachitsitsa pansi penipeni pa lata.

"Nsapato iyi. Soli yake ndi iyi, yopyapyala. Tsopano inzakeyi."

Inali yokhuthala. Katatu kuposa inzake.

"Mwendo wa nsapato yokhuthalayi ndauyeza. Ngwaufupi. Musandiuze kuti uli patali, miyendo ya munthu mmodzi siitalikirana ngati chigayo. Ndiye ndifunse. Mwalakwitsa ndinu, kapena ndi mmene alili?"

Ndinakatenga chithunzi. Ndinachipendeketsa padzuwa. Ndinafinya maso. Zinali pomwepo. Nsapato imodzi inali ndi soli ngati njerwa. Mwezi wathunthu chithunzicho chikuzungulira mudzi. Tinaona tayi. Tinaona mano. Akatekisiti anaona ngakhale wotchi. Nsapato palibe anaiona. Ine ndinaikhoma ndekha, bokosi lake ndinaliyeza, osadziwa chimene ndikukhoma.

Mkazi wanga anandiyang'ana. Pamaso pa alamu timayankhulana ndi maso, ndi mwayi umene tili nawo. Maso ake ankati: nenani kuti nyundo inaterereka.

Ndinaganiza. Munthu wakanidwa kale chifukwa cha khutu limene ali nalo. Nanga mwendo umene ulidi waufupi? Ndikati ndinalakwitsa, mwina mwana wanga apulumuka. Koma zaka makumi awiri ndikukhoma, palibe anabwezapo ndowa yanga kuti yapotoka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname. Panatuluka zina.

"Ine sindiphonya muyezo."

Mkazi wanga anandiponda chala chakuphazi. Mwamphamvu.

Chala cha alamu chinali pansapato paja, chikupita n'kubwerera.

"Ndiye chifukwa chake sakubwera," anatero.

"Achimwene, mwina ndi fashoni ya ku Kasungu."

"Khala chete, iwe. Alamu, lembani kalata. Abwere Loweruka la sabata yamawa. Abwere ndi mwendo womwewo."

Sanati avomera. Sanati akana. Mkazi wanga sanandiyankhule mpaka Lachisanu la sabata yotsatirayo. Lachisanulo anangoti, "Mukanakhala wojambula zithunzi bwenzi anthu atakumenyani kalekale."

Loweruka anafika masana. Mwana wanga patsogolo, mnyamatayo, ndi amalume ake, bambo wachikulire wa jekete. Anatsikira pamsewu n'kuyenda wapansi. Ife tinali tisanawaone, mitengo inawatchinga. Alamu anapendeketsa mutu.

"Ameneyo. Wachiwiriyo."

Ankatsimphina. Osati kwambiri. Phazi lina linkagunda pansi molemera kuposa linzake.

Tinayala mphasa. Moni unayenda. Amalume a jekete anayamba mawu awo aatali, a nkhuku ndi tambala. Alamu anakweza dzanja.

"Pepani, bambo. Ndimuone kaye. Mnyamata, sendera."

Anasendera chogwada. Alamu anamugwira mutu ndi manja awiri. Kumanja. Kumanzere.

"Khutu wabwera nalo."

"Bambo?"

"Awiri. Chabwino. Mtengo wa pamutu wausiya kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana mwana wanga. Mwana wanga anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku.

"Chigayo chako umalowamo choimirira?"

"Inde, bambo."

"Alamu, mwamva? Tambasula mwendo."

Mwana wanga anaweramitsa mutu. Mnyamatayo anatambasula wabwinowo.

"Winawo."

Anatambasula. Alamu anagwira bondo, anatsika, anafika pansapato. Anaizungulira ndi chala monga ankachitira palata.

"Poliyo?"

"Inde, bambo. Ndili wamng'ono."

"Soli iyi ndi tayala la galimoto. Anasoka ndani?"

"Ndekha, bambo. Za m'sitolo sizindikwana."

Alamu anatsata ulusi ndi chikhadabo, msoko ndi msoko, kuzungulira nsapato yonse. Tonse tinadikira. Amalume a jekete anapukuta thukuta.

"Palibe podumpha," anatero. "Alamu, bwerani mudzaone ntchito. Uyu masipoko sangabe."

Kenako anatembenukira kumene kunali mwana wanga. Sanaphonye.

"Iwe. Alendo akabwera, amayi ankandikhazika kuseri kwa nkhokwe mpaka apite. Ndinkamva zonse, ndi fungo la nkhuku lomwe. Lero iwe ukundibisira munthu chifukwa cha mwendo? Ine?"

"Pepani, atsibweni. Ndinkaopa."

"Unkaopa wosaona kuti aona chiyani?"

Mwana analira. Mayi ake analira. Ine utsi wa kukhitchini unandilowa m'maso.

"Bambo," anatero alamu kwa amalume a jekete, "pitirizani za tambala zija. Nkhuku ilipo."

Chinkhoswe chinachitika fodya atagulitsidwa. Ukwati tinadalitsa kutchalitchi. Ali limodzi mpaka lero.

Lata lija alamu sanandibwezere. Analikhomera m'nyumba mwawo, pafupi ndi chitseko, m'munsi, pofika dzanja. Mlendo aliyense ankamumanga maso. Wina anati ng'ona. Wina anati mapu a Malawi. Abambo mfumu a kuparishi, atabwera kudzadalitsa nyumba, anati ndi Petulo Woyera ali m'ngalawa. Alamu anati ayandikira.

Koma sanasiye kundivutitsa. Tikakumana pamaliro, paukwati, pamsika, nkhani inali imodzi.

"Alamu, munthu uja munamulanda khutu."

Chaka chachitatu ndinatopa. Ndinapita ndi nyundo ndi msomali. Ndinazula lata, ndinaligoneka pamchenga, ndinakhoma khutu kuseri kwake. Kutsogolo panatsala kadzenje patsaya. Ndinawapatsa.

Anapeza khutu loyamba. Anatembenuza lata. Chala chinayenda, chinaima.

"Eya," anatero. "Tsopano ndi munthu. Chigayo mudzakulitsa liti?"